Kumanga matanga a junk pa boti laling'ono la milongoti iwiri: yambirani pabwalo, kunyanja mupite komaliza

Anthu angapo akhala akundifunsa za milongoti yomwe inaima pabwalo kwathu ku Chilomoni mwezi wathunthu, ena mpaka kuima pa geti kufunsa ngati ndi mitengo ya mbendera. Ndi ya boti langa lomwe limakhala ku Mangochi, la matabwa, lotalika mamita 6, ndipo ndalemba izi kuti amene ali ndi maganizo ngati anga asataye ndalama ndi nthawi mmene ndinatayira ine poyamba. Kuchoka kuno kudzera ku Zomba ndi Liwonde kukafika kunyanja ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 200, ndiye chilichonse chomwe mungalakwitse ndi bwino muchilakwitsire konkuno komwe telala, kalipentala ndi owotcherera ali pafupi.

Thanga la junk ndi lija mumaliona pa zithunzi za ngalawa za ku China, lokhala ndi nsungwi zopingasa kuyambira pansi mpaka pamwamba ngati nthiti. Azungu anayamba kulitengera mtima kwambiri Blondie Hasler atawoloka nalo nyanja ya Atlantic yekha mu 1960, pa kaboti kake Jester ka mamita 7.6, kuchoka ku Plymouth kukafika ku New York m'masiku 48 ndipo anakhala wachiwiri pa mpikisanowo. Ine chomwe ndinalikondera ndi chimodzi basi. Mwera ukabwera mwadzidzidzi, ngati mmene umachitira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, simuimirira m'boti kukalimbana ndi nsalu, mumangomasula chingwe chimodzi muli chikhalire, thanga n'kudzipinda lokha chigawo ndi chigawo. Pa nyanja yathuyi chimenechi ndi moyo.

Choyamba, pepala ndi katoni

Musagule kalikonse musanajambule. Jambulani boti lanu cham'mbali, masentimita 10 papepala kuimira mita imodzi. Funso lalikulu pa milongoti iwiri ndi loti thanga lalikulu likhale kutsogolo kapena kumbuyo. Pa maboti aakulu ambiri amaika laling'ono kutsogolo lalikulu kumbuyo, koma pa boti la mamita 5 kapena 6 ine ndinaona kuti malo a zingwe sakwana, ndiye ndinaika lalikulu kutsogolo ndi kakang'ono kumbuyo kwenikweni, pakati ponse n'kutsala malo okhala anthu ndi katundu.

Manambala anga ndi awa, poyeza kuchokera kumphuno ya boti. Mlongoti waukulu uli pa mita 1.1, nsungwi zake ndi za mamita 2.6, mwa amenewo masentimita 30 amapitirira kutsogolo kwa mlongoti, ndiye thanga limathera pa mamita 3.4. Mlongoti waung'ono uli pa mamita 4.9, nsungwi zake 1.6, masentimita 20 kutsogolo. Mukawerengera muona kuti pakati pa matanga awiriwa pali mpata wa mita 1.3, ndipo mpata umenewu musauchepetse chifukwa chofuna nsalu yambiri, chonde. Zingwe zokokera thanga lakutsogolo zimafuna malo otambasukira, mukazipanikiza zimakoka motsetsereka pansi kwambiri, thanga silibwera pakati, komanso potembenuka zimakola pa nsungwi za thanga lakumbuyo.

Kenako pali nkhani ya balansi yomwe anthu ambiri amaidumpha. Mphepo ikamakankha matanga, mphamvu yake yonse imakhala ngati yasonkhana pamalo amodzi, ndipo madzi nawo akamakaniza boti kuti lisapite cham'mbali amakhala ndi malo awo amodzi. Malo awiriwa akatalikirana boti limangokhotera mbali imodzi, mkono kutopa ndi chiwongolero tsiku lonse. Kupeza kwake sikovuta. Thanga langa lalikulu ndi masikweya mita 11 ndipo pakati pake pali pa mamita 2.1, laling'ono ndi 4 ndipo pakati pake pali pa 5.5. Ndiye 11 kuchulukitsa ndi 2.1 ndi 23.1, 4 kuchulukitsa ndi 5.5 ndi 22, kuphatikiza 45.1, kugawa ndi 15, yankho mamita 3. Za m'madzizo dulani katoni mofanana ndi mbali ya boti yomira, muikhazike pa mpeni mpaka itakhazikika osagwera uku kapena uku, kapena njira ya madala a kunyanja ija, kulowa m'madzi ofika m'chiuno n'kumakankha boti cham'mbali ndi dzanja limodzi mpaka mutapeza pomwe likuyenda osatembenuka. Malo a mphepo akhale patsogolo pang'ono pa malo a madzi, kwa ine ndi masentimita ngati 25.

Apa ndinenepo china. Maboti athu a matabwa a asodzi alibe msana wozama, anapangidwira injini ndi nkhafi. Mukangoika thanga popanda thabwa lolowa m'madzi, lapakati kapena lam'mbali, boti lizingoterereka ngati nkhanu ndipo simudzapita komwe kukuchokera mphepo. Thabwalo likhalepo kale poyeza zonsezi.

Milongoti

Mlongoti wa junk umaima wokha, ulibe mawaya ougwira m'mbali, chifukwa nsungwi zimafunika kukwera ndi kutsika komanso kuzungulira momasuka. Ndiye mphamvu yonse ili pa malo awiri, pansi pomwe waponda ndi pamwamba pomwe wadutsa pa thabwa lopingasa boti. Mtunda wa pakati pa malo awiriwa usachepere gawo limodzi mwa magawo 10 a utali womwe watsala m'mwamba. Wanga waukulu ndi mamita 6, masentimita 60 ali mkati mwa boti, kunenepa kwake masentimita 12 pa thabwapo n'kumawonda mpaka 6 kunsonga. Waung'ono ndi mamita 4, kunenepa 8.

Ndinagwiritsa bulugamu chifukwa ndi amene amapezeka wowongoka, koma ndi wolemera ndipo amang'aluka akauma mothamanga. Sendani makungwa, pakani penti kunsonga zonse ziwiri, muugoneke pamthunzi pa njerwa zingapo ndi kumautembenuza sabata iliyonse, miyezi ingapo ndithu. Wauwisi musaike m'boti, kulemera kwa m'mwamba ndi kumene kumagubuduza maboti. Ming'alu yaing'ono yotsata utali si vuto, koma mfundo yaikulu pafupi ndi pomwe pali thabwa lopingasa, mtengo umenewo usiyeni ukhale wa denga. Mkungudza wa ku Mulanje wina akakutsatsani kanani, mtengowu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo.

Thabwa lopingasa likhale lochindikala, lomangidwa ndi mabawuti ku nthiti za boti osati misomali. Bowo likhale lokulirapo pang'ono kuti mukhomere timitengo tosongoka mozungulira, ndipo pansi muumange mlongoti ndi bawuti kapena chingwe kuti usadumphe pa mafunde. Mlongoti wakutsogolo ukapendekera kutsogolo pang'ono zimathandiza kuti thanga lizitseguka lokha mphepo ikachepa. Wakumbuyo uja umalimbana malo ndi mpini wa chiwongolero, ine ndinausunthira kumanja masentimita 25 ndipo boti silinadandaule, ena amakhotetsa mpiniwo kwa owotcherera. Muzafunanso mtengo wotuluka kumbuyo kwa boti ngati mita imodzi, pomangirira chingwe chokokera kathanga kakang'onoko poti kamapitirira boti.

Nsungwi dulani zokhwima, nthawi yachilimwe, muzivike m'madzi masabata angapo kuti zisadzafumbwe, kenako ziume pamthunzi. Yapamwamba pa zonse imalandira mphamvu kwambiri ndiye ikhale yonenepa, kapena mangani ziwiri pamodzi tsinde kuyang'ana uku lina uko. Mtanda wapamwamba womwe umanyamula thanga lonse ukhale wa thabwa lolimba, wonenepa pakati. Dulani zoonjezera ziwiri zizikhala m'boti.

Kwa telala

Ubwino wa junk ndi woti nsalu simavutika kwambiri poti nsungwi zimagawana mphamvu, ndiye simufunika nsalu yodula ya kunja. Tenti yabwino yopepuka imagwira ntchito, koma ya buluu yotchipa ija dzuwa limaidya msanga, miyezi yochepa yayamba kuyoyoka. Ulusi ukhale wa polyester.

Ndinajambula thanga lonse ndi choko pa simenti ya pakhonde. Zigawo 5 zapansi ndi zofanana, chilichonse masentimita 60 kutalika, ndipo nsungwi sizigona fulati, kumbuyo zimakwera madigiri 10, pa nsungwi ya mamita 2.6 ndiye kuti masentimita 45. Zigawo 2 zapamwamba zimatambasuka ngati mchira wa nkhanga mpaka mtanda wapamwamba utaima pa madigiri ngati 65. Kathanga kakumbuyo chimodzimodzi koma zigawo zapansi 4 za masentimita 45.

Amene anandisokera ndi bambo wina wachikulire wa pakhonde ku Limbe, wa makina opalasa ndi phazi. Nditawayalira pepala anavala magalasi n'kuloza mzere wokhota womwe ndinajambula m'mphepete mwa chigawo chilichonse, amvekere achimwene apa mwalakwitsa, nsungwi ndi yowongoka nanga nsalu ikhota bwanji. Ndinawafotokozera kuti ndi dala madala, m'mphepete mukadula motukumuka n'kusokera pa mzere wowongoka nsaluyo imachita mimba, ndipo mimbayo ndi imene imakoka boti polimbana ndi mphepo. Anatenga kansalu kotsala, kudula, kusoka pompo, n'kukafufuma m'manja mwawo ngati kathumba, basi anangogwedeza mutu n'kuyamba ntchito. Njira imeneyi anaitchukitsa ndi Arne Kverneland wa ku Stavanger ku Norway m'zaka za m'ma 1990, kale matanga a junk a azungu ankakhala fulati ndipo ankavutika kukwera mphepo, kutanthauza kupita cha komwe mphepo ikuchokera. Mimba ya masentimita 8 pa mita iliyonse ya nsungwi ndi yokwanira, ikhale yozama cha kutsogolo osati pakati penipeni, ndipo zigawo ziwiri zapamwamba zisiyeni pafupifupi fulati chifukwa ndi zimene zimatsala mphepo ikakula. M'mphepete monse mwa thanga musokere lamba wolimba wosatamuka, wa malamba a galimoto akale amene amapezeka ku Ndirande amagwira bwino kwambiri. Matumba a nsungwi akhale ndi mpata pomwe pali mlongoti kuti mupeze pomanga.

Tsopano zingwe, ndipo apa tsatirani ndondomeko

Kumbani maenje awiri pabwalo motalikirana mamita 3.8 ngati mmene ziliri m'boti, khomani zikhomo pomwe pali mphuno, mabenchi ndi kumbuyo. Mlongoti usanaime, mangani zonse za kunsonga uli chigonere: pule ya chingwe chokwezera, zingwe zolandirira thanga mbali zonse, kachingwe konyamula mtolo wa thanga ndi nsungwi zake kutsogolo, ndi kachingwe kamodzi koonjezera kongodikira tsiku lomwe china chidzaduke. Ine ulendo woyamba ndinapita nazo kunyanja osayesa, mlongoti taimika kale, timitengo takhomera, kenako ndikuona zolandirira zili m'thumba. Tinazula zonse dzuwa lili pamutu, tsiku linathera pomwepo. N'chifukwa chake ndikuti pabwalo.

Mlongoti ukaima yambani ndi zolandirira, azungu amati lazyjacks. Zimachoka kunsonga, kutsika mbali zonse ziwiri za thanga n'kudutsa pansi pa mtanda wapansi, mtengo wa m'munsi mwenimweni mwa thanga, ndipo ndi zimene zimagwira thanga likatsika kuti lisagwere anthu pamutu kapena m'madzi. Lowetsani mtolo wonse wa thanga ndi nsungwi zake mmenemo, ukhale m'mwamba masentimita ngati 50 kuchokera pomwe pamakhala thabwa lopingasa. Thanga limakhala mbali imodzi ya mlongoti nthawi zonse. Langa lalikulu lili kumanzere, laling'ono kumanja, kuti mbali iliyonse yomwe mphepo ikuchokera limodzi likhale lomasuka ku mlongoti wake.

Chachiwiri, nsungwi iliyonse imangidwe ku mlongoti ndi kachingwe kake, ma parrel amenewo. Kamayambira kunsonga yakutsogolo kwa nsungwi, kuzungulira mlongoti mbali inayo n'kukamangidwanso pa nsungwi yomweyo masentimita ngati 60 kumbuyo. Musathinitse, dzanja lizilowa. Mukalowetsa kachingweko mu kapaipi ka pulasitiki kamaterereka bwino ndipo sikadya mlongoti.

Chachitatu chingwe chokwezera, halyard. Chimangidwe pakati pa mtanda wapamwamba kapena kumbuyo pang'ono kwa pakati. Pa thanga la masikweya mita 11 dutsitsani katatu pakati pa mapule awiri kuti ngakhale mwana wa sekondale athe kukweza, lakumbuyo kawiri kapena kamodzi basi. Chikhale cha polyester mamilimita 8. Cha nayiloni chimatamuka, mukakweza pakapita kanthawi thanga lagwa pang'ono, ndipo zingwe za buluu za mumsika zimapsa ndi dzuwa komanso mfundo zake zimaterereka, zimenezo mangirani mbuzi. Thanga likakwera lonse pakhale mpata wa masentimita 50 pakati pa mapule awiri aja, akagundana thanga silizungulira bwino ndipo limapotokola nsonga ya mlongoti.

Kwezani pang'onopang'ono tsiku lopanda mphepo, m'mawa. Likafika pamwamba mangani kachingwe kochoka pa mtanda wapansi kupita pa thabwa pafupi ndi mlongoti, kuti mtandawo usakwere. Ndiye imani patali muliyang'ane. Muona makwinya opingasa pa zigawo ndipo mtanda wapamwamba ukulendewera kutali ndi mlongoti, musade nkhawa, pali zingwe ziwiri zokonza zimenezi. China chimachoka pomwe mwamanga chokwezera, kuzungulira mlongoti, kubwerera pa kapule pomwepo n'kutsika pansi, ntchito yake kukokera mtanda ku mlongoti. Chinacho chimayambira kunsonga yakutsogolo kwa mtanda kapena nsungwi yapamwamba, kuzungulira mlongoti, kudutsa pa nsonga ya nsungwi yotsatira n'kutsika, chimenechi chimakokera kumtunda kwa thanga m'mbuyo ndipo mukachikoka makwinya amafafanizika mukuona. Pa kathanga kakumbuyo choyambacho chimakwanira.

Zokokera ndiye zimadya nthawi. Thanga wamba limakokedwa pa ngodya imodzi, koma la junk limakokedwa pa nsungwi pafupifupi zonse, ndi chifukwa chake silikupiza ngati mbendera. Lumikizani nsonga zakumbuyo za nsungwi ziwiriziwiri ndi kachingwe kakafupi ka mamilimita 5 kapena 6, pa kachingwe kalikonse pakhale kapule kapena mphete yoterera. Pa thanga langa lalikulu tilipo titatu: mtanda wapansi ndi nsungwi yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu, yachinayi ndi yachisanu. Chingwe chachikulu chimayambira pa benchi yakumbuyo, kukwera kukadutsa pa kapule kapansi, kubwerera pa benchi, kukweranso kwa kapakati, kubwerera, kukwera kwa kapamwamba n'kubwerera m'manja mwanu. Mbali yomwe mukugwira ichokere kumwamba, chifukwa kumtunda kwa thanga ndi kumene kumakonda kupotoka ndipo kumafuna kumva dzanja lanu koyamba. Chingwechi chimatalika kuposa mmene mukuganizira, tsegulani thanga lonse mpaka lipingase boti kenako mudule, osati musanayese. Nsonga za nsungwi zisatulukire kunja kwa nsalu kumbuyoku, pakatuluka ngakhale chala chimodzi zingwe zizikola pamenepo nthawi iliyonse mukatembenuka.

Zingwe zonse zibwere pamalo amodzi pomwe mumakhala, chilichonse ndi chikhomo chake ndi kathumba kake. Ngati mungapeze za mitundu yosiyana ndi bwino, mukakhala ndi mlendo mumangoti kokani chofiiracho.

Mukadali pabwalo yeserani kuchepetsa. Masulani chokwezera mpaka nsungwi yoyamba itagona pa mtanda, mangani, kokani zokokera zomwe zalendewera, kokani ziwiri za ku mlongoti zija. Chitaninso chigawo chachiwiri, chachitatu, mpaka pansi, kenako kwezani mutamasula zokokera ndi ziwirizo kaye, mukaiwala thanga limakana kukwera ndipo mukalimbana nalo muthyola nsungwi. Muone ngati nsungwi zikugona bwino imodzi pamwamba pa inzake mkati mwa zolandirira, komanso ngati mtanda wapamwamba sukuthawira kunja kwa zingwezo, ukamathawa onjezerani kandodo kopepuka kunsonga kwake. Bwerezani kakhumi, ndi maso otseka ngati mungathe. Kenako tembenuzani matanga onse uku ndi uku ndi manja muone ngati pali pomwe lakutsogolo likukhudza lakumbuyo. Ngati likukhudza pabwalo, kunyanja lidzakola.

Zonse zikakhala bwino lembani manambala pa nsungwi, kulungani thanga lililonse ndi zingwe zake osamasula, milongoti pa lole ndi kansalu kofiira kumapeto.

Tsiku loyamba pamadzi

Pitani m'mawa nyanja ili bata, ma life jacket avalidwe ndi aliyense osati kukhalira, nkhafi ziwiri, nangula ndi chokapira madzi zikhalemo, ndipo za kalembera wa boti funsani a Marine Department ku Monkey Bay musanayambe kunyamula anthu. Funsaninso asodzi a pagombepo za mphepo ya tsikulo, amaiwerenga bwino kuposa foni.

Kwezani kakumbuyo koyamba n'kukakoka kuti kakhale pakati, kamagwira mphuno ya boti kuyang'ana kumphepo inu mukukweza lalikulu mosathamanga. Potsitsa ndiye mosemphanitsa, lalikulu liyambe. Yambani ndi zigawo ziwiri zotsitsa kale. Mukamayenda mverani chiwongolero: boti likamalimbikira kukhotera kumphepo masulani kakumbuyo pang'ono kapena kachepetseni, likamathawa mphepo kakokeni. Thanga la junk musalikoke mpaka pakati penipeni ngati mukufuna kukwera mphepo, lipatseni mpata, likathina boti limangoima n'kumaterereka. Mphepo ikakhala kumbuyo tsegulani lina kumanja lina kumanzere, apa ndiye junk imasangalatsa zedi. Koma samalani potembenuka mphepo ili kumbuyo, zokokera zikakhala zolendewera zimasesa m'boti ndipo zitha kukola munthu m'khosi kapena chiwongolero, ndiye zikokeni kaye, uzani anthu awerame, mukatembenuka mumasule.

Mukabwerako yang'anani timitengo ta pa mlongoti ngati tamasuka, mabawuti a thabwa lopingasa, ndi pomwe nsungwi zikukhuzana ndi mlongoti. Pamenepo ine ndinasokerapo zidutswa za paipi ya madzi yakale, ndipo thanga likakhala kuti silikugwira ntchito ndimalifunditsa tenti ina kuti dzuwa la ku Mangochi lisalipeze.